Ndikufuna kugulitsako mikanda yanga ya ngale kuno ku Chigwa cha Shire, ndiyambire pati?

Naphiri wa ku Nchalo

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndimatolera mikanda ya ngale chifukwa chongoikonda, ina ya pa kaunjika ku Limbe, ina yochita kuitanitsa. Pano yakwana 14, kuonjezera ndolo mapeyala 6 ndi zibangiri ziwiri. Sikuti ndikufuna kutsegula shopu ayi. Ndikufuna kugulitsako ina kuti ndalamayo ndizigulira yabwinopo.

Vuto n'lakuti sindikudziwa kuti yeniyeni ndi iti, ndipo ndikuopa kunamiza munthu mosadziwa. Mtengonso sindikudziwa kuti amauika bwanji. Komanso mikanda iwiri ulusi wake wada ndiponso watamuka moti ngale zikungoyenda uku ndi uku, ndipo wina wayamba chikasu. Kodi n'kutentha kwathu kuno? Zimakonzeka?

Tembo wa ku Bangula

Mayi Naphiri, za mtengo zidikire kaye. Yambani ndi kusankhula.

Yalani nsalu yoyera patebulo pafupi ndi windo, m'mawa dzuwa lisanakwere. Musagwiritse ntchito tochi ya foni kapena babu, chifukwa pansi pa kuwala koteroko ngakhale pulasitiki imaoneka ngati ya mfumukazi. Mukhale ndi kagalasi kokulitsa zinthu ka 10, komwe amakatcha loupe, sikelo yaing'ono yoyeza magalamu, ndi caliper yoyezera mamilimita. Caliper ya pulasitiki ndi yabwino kuposa yachitsulo chifukwa sikanda.

Tengani ngale ziwiri zoyandikana muzikhuze pang'onopang'ono, cha kufupi ndi bowo. Zenizeni zimamveka kukhakhala ngati pali kamchenga pakati pake, ndipo pamatsala kaufa koyera komwe kamachoka mukapukuta ndi chala. Zagalasi ndi zapulasitiki zimangoterera. Ambiri amakhuza pa dzino lakutsogolo, ndipo yankho lake ndi lomwelo, koma za pa kaunjika musaike m'kamwa musanatsuke. Kukhakhalako kumachokera ku mapangidwe ake. Ngale ndi timagawo topyapyala kwambiri ta calcium carbonate, zinthu zomwe zilinso m'chigoba cha nkhono ndi cha dzira, tosanjikizana ngati njerwa ndipo tomatidwa ndi zinthu zamoyo zochokera m'thupi la nkhonoyo. Chikuto chimenechi amachitcha nacre, ndipo kunyezimira konse kwa ngale kumachokera pamenepo.

Kenaka yang'anani bowo ndi loupe. Apa ndi pomwe zabodza zambiri zimagwidwira. Bowo la ngale yeniyeni limakhala laling'ono, losafika milimita imodzi, ndipo m'mphepete mwake ndi modulidwa mwaukhondo. La yabodza limakhala ndi kamlomo kotukuka ka penti, kapena pentiyo yasupuka moti galasi kapena pulasitiki ikuonekera mkati. Yang'anani makamaka ngale zinayi zoyandikana ndi loko yotsekera mkandawo, chifukwa ndi zomwe zimakhuzika kwambiri ndi khosi ndi zala, ndipo penti imayambira kutha pamenepo.

Za kulemera: ngale ya mamilimita 7 imalemera pafupifupi theka la galamu. Mkanda wa masentimita 45 wa ngale zotere umakhala ndi ngale pakati pa 55 ndi 60, ndiye pa sikelo uzipezeka cha m'magalamu 28. Wapulasitiki wa msinkhu womwewo sufika ngakhale 15. Koma sikelo imagwira pulasitiki yokha. Galasi limalemera pafupifupi chimodzimodzi ndi ngale.

Mumva ena akunena kuti yeniyeni imazizira mukaiika patsaya. N'zoona, koma galasi nalonso limazizira, ndipo kuno kwathu masana a mu Okutobala m'nyumba ya malata mulibe chinthu chozizira. Njira imeneyo musaidalire.

Yang'ananinso kufanana kwake. Nkhono siumba ngati chikombole. Pa mkanda weniweni mupeza ina yatalikirapo pang'ono, ina ili ndi kadontho kapena kamzere kozungulira, ina mtundu wake wapendekera ku pinki. Zikakhala zonse zozungulira bwinobwino, zazikulu mamilimita 10 kapena 12, zopanda chilema, koma munagula pamtengo wa nsapato za pa kaunjika, dziwani kuti ndi shell pearl. Zimenezi amazipanga pa fakitale kuchokera ku chigoba n'kuzikuta ndi penti yonyezimira. N'zolemera, n'zozizira, koma zimaterera mukazikhuza, ndipo si ngale.

Pali zina zopangidwa ndi anthu zomwe simuyenera kuzinyoza. Majorica ya ku chilumba cha Mallorca ku Spain ndi galasi lokutidwa kambirimbiri ndi mankhwala onyezimira, ndipo ili ndi oikonda ake. Mukapeza yokhala ndi chizindikiro chake, igulitseni ndi dzina lake lomwelo, osati ngati ngale ya m'nyanja.

Zoyesa ndi moto, viniga kapena mpeni musachite. Ikakhala yeniyeni ndiye kuti mwaiwononga. Asidi amadya calcium carbonate, moto umaiphulitsa chikuto.

Chomaliza, mawu oti "yeniyeni" asakusokeretseni. Pafupifupi ngale zonse zomwe zili pamsika lero ndi zoweta: munthu amaika kanthu m'thupi la nkhono, nkhonoyo n'kukakuta ndi nacre kwa chaka kapena zaka zingapo. Kokichi Mikimoto wa ku Toba ku Japan anatulutsa ngale zake zoweta zoyamba, zooneka ngati theka la kampira, mu 1893, ndipo pofika m'ma 1920 zozungulira zinali zitadzaza misika. Zongodzipangikira zokha m'nyanja n'zosowa kwambiri, ndipo kuzisiyanitsa ndi zoweta kumafuna X-ray ya ku labotale. Ndiye polemba malonda anu muzilemba kuti "ngale zoweta". Musalembe kuti "zachilengedwe".

Nabanda, Chikwawa Boma

A Tembo afotokoza bwino. Ine ndilowe pa mitundu ndi mtengo, ndipo achemwali ndikuuzeni zoona: ngale si golide. Golide amamusungunula n'kumugula pa sikelo, mtengo wake umadziwika tsiku lililonse. Ngale yovalidwa kale ilibe mtengo woikika, ndipo nthawi zambiri imagulitsidwa motsika kwambiri poyerekeza ndi momwe mwini wake woyamba anagulira m'sitolo. Phindu lanu lili pa tsiku logula. Mukagula modula, palibe chithunzi chokongola chomwe chidzakubwezereni ndalamayo.

Mwa mikanda yanu yomwe ipezeke kuti ndi yeniyeni, ndingayembekezere kuti yambiri ndi ya m'madzi opanda mchere ya ku China. Msika wake waukulu uli ku Zhuji m'chigawo cha Zhejiang. Nkhono imodzi ya kumeneko imatha kutulutsa ngale 20 kapena kuposa nthawi imodzi, n'chifukwa chake n'zotchipa. Zambiri zimakhala ngati mpunga, ngati mbatata kapena ngati batani, ndipo mitundu yake yachibadwa ndi yoyera, pinki, ya olenji pang'ono ndi yofiirira ngati duwa la jakaranda. Ubwino wake n'ngwakuti zambiri ndi nacre yokhayokha mpaka mkati, ndiye sizisupuka. Kwa wovala wa kuno kotentha, zimenezi ndi zomwe zimapirira.

Akoya ndi ya m'nyanja ya mchere, makamaka ku Japan. Ndi yozungulira bwino, kawirikawiri mamilimita 6 mpaka 8, ndipo imanyezimira mwakuthwa moti mumaonamo windo ndi nkhope yanu. Mkati mwake muli kambulunga ka chigoba, nacre ili pamwamba pokha, nthawi zambiri yosapitirira theka la milimita. Mukagula yakale, gwirani mkandawo mbali zonse ziwiri mowongoka, muuzungulitse ndi zala pafupi ndi windo. Ngale zikamathwanima n'kuda, kuthwanima n'kuda ngati zikuphethira, ndiye kuti chikuto n'chopyapyala, kambulunga ka mkati kakuonekera. Woterowo sukhalitsa pakhosi la thukuta.

Ya ku Tahiti ndi yodera mwachibadwa, ndipo imayambira cha pa mamilimita 8 kupita m'mwamba. South Sea ya ku Australia, Indonesia ndi Philippines ndi yoyera kapena yagolide, ikuluikulu, kuyambira cha pa mamilimita 9. Mitundu iwiriyi kuipeza pa kaunjika musakuyembekezere. Chenjeraninso ndi Edison, ngale zazikulu za ku China zomwe zimafika mamilimita 12 kapena kuposa. N'zenizeni, n'zokongola, koma ena amazigulitsa ndi dzina la South Sea kuti akweze mtengo.

Poyerekeza mikanda iwiri ya mtundu umodzi, akatswiri a GIA, bungwe la ku America lopima ngale ndi miyala yamtengo wapatali, amayang'ana zinthu 7: kukula, maumbidwe, mtundu, kunyezimira, kusalala kwa khungu, ubwino wa nacre, ndi kugwirizana kwa ngalezo pa mkanda. Kwa ine chachikulu ndi kunyezimira. Ngale yopindika koma yowala imagulika msanga kuposa yozungulira yomwe ikuoneka ngati choko. Zilembo za A, AA, AAA zomwe ogulitsa a pa intaneti amalemba musazikhulupirire, chifukwa aliyense amadziikira muyezo wake.

Loko muiyang'anitsitse, chifukwa nthawi zina ndi yomwe ili ndi ndalama kuposa ngalezo. Pamakhala nambala yodinda: 925 ndi siliva. 375 ndi golide wa 9K, 585 ndi 14K, 750 ndi 18K. Mukaona GP kapena GF pambali pa nambala, ndiye kuti golide ali pamwamba pokha. Yandikitsani maginito: golide ndi siliva sizikokedwa, ngakhale kasipuling'i ka mkati mwa loko kamakoka pang'ono chifukwa ndi kachitsulo. Maginito akalephera kukoka sindiye kuti mwatsimikiza, poti mkuwa nawonso sukokedwa. Onani m'makona momwe mwatha. Mukaonekera mtundu wina pansi, kapena muli zobiriwira, chidindocho n'chabodza. Chizindikiro cha kampani ya Mikimoto ndi M mkati mwa chithunzi cha chigoba, koma loko imatha kuchotsedwa n'kumangidwa pa mkanda wina, ndiye popanda mapepala musalonjeze wogula dzina limenelo.

Tsono mtengo. Lembani m'kope ndalama yeniyeni yomwe mkanda uliwonse wadya. Tiyerekeze: munagula K30,000, ulusi ndi zomangira K5,000, gawo la thiransipoti yokwera ku Limbe n'kubwerera K4,000, kabokosi K2,000, yotapira pa foni K1,000. Yakwana K42,000 musanawerengere maola awiri omanga. Anthu akuno sagula osanenerera, ndiye mukatchula K65,000 mukhale mutadziwa kale mumtima kuti pansi pa K55,000 simutsika. Manambalawa ndangoyerekeza kuti muone kawerengedwe. Chofunika kwambiri n'chakuti muziona mtengo wogulira wina watsopano lero, osati wa chaka chatha, chifukwa kwacha ikagwa mutha kugulitsa mukusekerera koma ndalamayo osakwana kubwezeretsa katundu.

Naphiri wa ku Nchalo

Zikomo kwambiri a Tembo ndi a Nabanda. Ndasankhula monga munanenera. Mikanda 8 yakhakhala, 6 yaterera, ndipo itatu mwa yotererayo penti yake yasupukadi pabowo. Pali wina wakuda womwe wogulitsa anati ndi wa ku Tahiti. Wakhakhala, koma ngale zake ndi mamilimita 6 okha, zotalikirapo ngati nyemba, ndipo loko yake yalembedwa 14K GF. Ndiutchule chiyani? Nanga za ulusi wotamuka ndi chikasu chija?

Nabanda, Chikwawa Boma

Umenewo si wa ku Tahiti, achemwali. Mamilimita 6 ndi maumbidwe a nyemba zikuloza ku ngale za ku China zonyikidwa mu utoto. Nkhono za m'madzi opanda mchere sizitulutsa zakuda mwachibadwa. Yang'anani m'bowo ndi loupe, mupeza utoto waunjikana m'mphepete, mwinanso wadetsa ulusi. Lembani kuti "ngale zoweta za m'madzi opanda mchere, zopakidwa utoto wakuda, loko yokutidwa golide". Palibe chamanyazi pamenepo, ndipo zimagulika. Wogula mumuuze kuti utotowo umazilala ukamakhala padzuwa nthawi yaitali.

Nyamarunga wa ku Ngabu

Mayi, za ulusi ndi chikasu ndi ntchito ya kutentha kwathu komweku. Kuno mu Okutobala ndi Novembala timadutsa madigiri 40, ndipo thukuta lili ndi mchere ndi asidi. Limalowa mu ulusi wa silika, limasakanikirana ndi mafuta odzola ndi fumbi, ulusiwo n'kuda, kufooka, kutamuka. Mukaona mpata pakati pa ngale ndi mfundo, musagulitse choncho. Ukadukira mu minibasi kapena pa chinkhoswe, dzina lanu latha.

Tsukani musanadule ulusi wakale. Madzi ofunda pang'ono ngati osambitsira khanda, kadontho ka sopo wa ana, kansalu kofewa. Musagwiritse madzi a pa mjigo ngati ndi amchere, monga ilili mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje, chifukwa amasiya zoyera pa ngale. Othira kolorini nawonso ayi. Tengani a m'botolo, kapena amvula osefa. Tsukuluzani, yalani pathaulo pamthunzi, ziume tsiku lathunthu. Jik, sopo wa ufa, mankhwala otsukira mano, phulusa, mandimu, zonsezi zimapha kunyezimira ndipo sikubwerera.

Pindani thaulo kuti pakhale kangalande. Dulani mfundo imodziimodzi ndi kalumo kakang'ono, ngale iliyonse muziiika m'kangalandemo motsatana momwe inalili, chifukwa pa mikanda yambiri zazikulu zimakhala pakati, zazing'ono cha kuloko. Tiulusi totsalira m'bowo muchotse ndi singano.

Ulusi wodziwika ndi silika wa Griffin, womwe umabwera pa kakhadi, mamita awiri, singano yake yomangiriratu. Nambala 4 ndi 0.60 mm, nambala 6 ndi 0.70 mm. Kakhadi kamodzi kamakwana mkanda wa masentimita 45. Yesani musanayambe: mangani mfundo imodzi, kokerani ngale pamenepo. Ikadumpha mfundoyo, ulusi wachepa. Komanso ulusiwo uyenera kudutsa kawiri m'ngale zitatu zakumapeto kulikonse, ndiye sankhani zamabowo okulirapo. Kwa munthu wovala tsiku ndi tsiku kuno, ulusi wa nayiloni kapena poliyesita wopangira mikanda umapirira thukuta kuposa silika, ngakhale sugona bwino pakhosi ngati silika. Twaini ya mbedza ayi. Mfundo zake zimamasuka, imauma, ndipo imachititsa mkanda kukhala nga waya. Ulusi wa telala nawo umaduka msanga chifukwa m'mphepete mwa bowo mumaudya.

Silika muyambe mwamukoka. Masulani yense pakakhadi, munyowetseni pang'ono, mumupachike usiku wonse mutamangirira loko ya pachitseko kumunsi. Mukalumpha zimenezi, adzatamukira pakhosi pa wogula pakangotha milungu iwiri.

Kamangidwe kake ndi aka. Lowetsani ngale zitatu zoyamba, muzikankhire kumapeto kwa ulusi, musiye kamchira ka masentimita 10. Lowetsani kachidutswa ka French wire ka mamilimita 7 kapena 8, kawaya kopota ngati sipuling'i komwe kamateteza ulusi kuti chitsulo chisaudye. Dutsani m'kamphete ka loko, bwererani m'ngale yoyandikana ndi loko, kokani kuti French wire apindike ngati U, mangani mfundo mozungulira ulusi woyambawo. Bwererani m'ngale yachiwiri, mfundo. Yachitatu, mfundo. Kuchoka apo ndi ngale imodzi, mfundo imodzi, mpaka kutsale zitatu. Zitatu zomalizazo lowetsani popanda mfundo, kenaka French wire, loko, n'kubwerera chammbuyo mukumanga m'mipata monga munachitira poyamba.

Mfundo kuti igone pa ngale penipeni, pangani kalupu kotakasuka, lowetsani nsonga ya tweezers kapena singano yokhuthala m'kalupumo, gwirani ulusi pomwe ukutulukira m'ngale, kokani pang'onopang'ono mpaka kalupu katsike, chotsani chitsulo, kankhirani ndi chikhadabo. Mfundo ikamangika patali, musaikoke mwamphamvu, imasuleni ndi singano isanalimbe. Ntchito ya mfundo ndi iwiri: ngale sizikhuzana, ndipo ulusi ukaduka imagwa imodzi yokha. Dziwaninso kuti mfundo zimatalikitsa mkanda. Womwe unalibe mfundo utha kuonjezera masentimita 4, ndiye muuyezenso musanalembe utali wake.

Pa mfundo yomaliza mbali zonse ziwiri, dontho la guluu wa mikanda monga G-S Hypo Cement pa nsonga ya singano. Lidikireni liume, kenaka dulani kamchira. Super glue ayi: amathamangira m'bowo, amaumitsa ulusi mpaka kuthyoka, ndipo amasiya nkhungu yoyera pa ngale. Mkanda womangidwa kumene umaoneka wokhwinyata pang'ono. Musadandaule, umawongoka pakapita masiku ochepa. Yambani kuphunzirira pa yapulasitiki ija, mikanda itatu, musanakhudze weniweni.

Chikasu chili pawiri. Ngati ndi litsiro la mafuta pamwamba, chichoka potsuka. Ngati chatsala, ndiye kuti zomatira za mkati mwa nacre zauma ndi kutentha ndi ukalamba, ndipo sichibwerera. Musayese kuyeretsa ndi mankhwala. Gulitsani ngati mtundu wa kirimu, pamtengo wotsikirapo, mutanena kuti ndi wakale.

Kasungidwe: sutikesi ya pamwamba pa wadiropu, pansi pa malata, ndi uvuni. Jumbo yomanga kwambiri imaumitsanso ngale, chifukwa zimafuna kachinyezi ka mumpweya. Mkanda uliwonse ukhale m'kathumba kake ka nsalu ya thonje, wogonekedwa osati wopachikidwa, pashelefu yapakati ku khoma lomwe silimenyedwa ndi dzuwa lamadzulo. Musasakanize ndi mphete kapena matcheni. Pa muyezo wa Mohs, woyezera kulimba kwa miyala, ngale ili pakati pa 2.5 ndi 4.5, pomwe mchenga uli pa 7, ndiye ngakhale fumbi la pamsewu limakanda mukapukuta mouma. Kuyambira Januwale mpaka Malichi tithumbato tikhale m'kachidebe kachivundikiro komwe munganyamule ndi dzanja limodzi. Tonse tikukumbuka madzi osefukira a namondwe Ana mu 2022 ndi a namondwe Freddy mu 2023. Mkanda ukalowa m'matope musaupukute. Uviikeni m'madzi oyera kangapo matope atsike okha, kenaka mumangenso ndi ulusi watsopano.

Chirwa, Nsanje Boma

Ndionjezere za kagulitsidwe, poti msika wa kuno ndi wochepa ndipo mkanda wathunthu umatha kukhala miyezi osayenda. Ndolo ndi zomwe zimathamanga. Mkanda wa ngale 60 womwe 15 zake zawonongeka musavutike kuumanganso wonse. Zotsala 45 zikupatsani chibangiri cha masentimita 18, chomwe chimadya ngale 21 kapena 22 za mamilimita 7, ndi ndolo zolendewera mapeyala 11 kapena 12. Ngale zoboola mbali zonse zimafuna kawaya kamutu, headpin, komwe mumakapinda pamwamba n'kukoleka pa huku. Ndolo zomata pakhutu zimafuna ngale yoboola theka, ndiye za pa mkanda sizigwira. Mahuku mugule a siliva 925. Otchipa aja amakhala ndi nickel, ndipo akakumana ndi thukuta makutu amayabwa ndi kutupa, wogula n'kubweza katundu.

Ogula anu ndi aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito ku kampani ya shuga ku Nchalo, amayi a Mvano ndi a m'makwaya, ndi okonzekera ukwati, chinkhoswe kapena bridal shower. Ikani zithunzi pa WhatsApp ndi Facebook sabata ya malipiro, osati pakati pa mwezi. Zomwe n'zodulirapo, monga Akoya ngati ilipo, ogula ake ali ku Blantyre ndi Lilongwe. Pamsika wapanja musayale ngale zenizeni. Dzuwa, fumbi ndi manja a anthu ambiri ziziwononga tsiku limodzi, ndipo munthu wa pamsika aziyerekeza ndi mikanda ya pulasitiki ya pa benchi yoyandikana nayo.

Zithunzi jambulani pakhonde m'mawa, pamthunzi, pa pepala loyera, fulashi itazimitsidwa, popanda fyuluta. Chimodzi cha mkanda wonse pambali pa tepi ya telala, china chapafupi choonetsa zilema, china cha chidindo cha paloko, ndi kavidiyo kakafupi mukuuzungulitsa. Pansi lembani mtundu, mamilimita, utali, chitsulo cha loko, ndi mwezi womwe munamanga ulusi. Masentimita 40 amagwira khosi, 45 ndi womwe ambiri amafuna, ndipo amayi athupi amakonda 50 kapena kuposa. Mufunseni wogula ayeze khosi ndi kachingwe asanalipire.

Polandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, musakhulupirire uthenga womwe wogula wakutumizirani kapena chithunzi chake. Onani balansi yanu nokha. Ngongole ayi. Wofuna kulipira pang'onopang'ono apereke theka, katundu akhale kwa inu mpaka amalize, ndipo mugwirizane tsiku lomalizira. Potumiza, kulungani m'kansalu, muike m'kabokosi kolimba, mujambule musanatseke. Mukapatsira minibasi, lembani nambala ya galimoto ndi ya kondakitala, ndipo muwauze asaike pa dashibodi, chifukwa ulendo wa kuchokera ku Nsanje kukwera mapiri a Thabwa padzuwa ndi wokwanira kufewetsa guluu wa ndolo. Zodula tumizani pa kampani yonyamula katundu yopereka lisiti.

Lisiti lanu lilembe mawu omwewo omwe munalemba pa malonda. Kugulitsa galasi ndi dzina la ngale ndi nkhani yomwe wogula angapite nayo ku Competition and Fair Trading Commission. Mukamaitanitsa kunja, werengeranitu msonkho wa MRA ndi yotumizira musanatchule mtengo kwa aliyense, ndipo yambani ndi mkanda umodzi woyesera musanaitanitse 10, poti zithunzi za ogulitsa akunja zimawala kuposa katundu wofika.

Mikanda 6 yoterera ija musataye. Itatu yosasupukayo ibwerekeni kwa akwati ndi operekeza pa mtengo wa tsiku, atasiya chikole. Tsiku la ukwati pamakhala perefyumu, sipuleyi ya tsitsi, phawuda ndi kuvina mpaka madzulo, zomwe ngale zenizeni sizingapirire.

Nyamarunga wa ku Ngabu

A Chirwa, pa mahuku ndikugwirizana nanu, koma siliva amada msanga kuno, ndiye a Naphiri asunge mahukuwo padera m'kajumbo kotseka, aziwakoleka ndolo ikagulidwa. Mankhwala otsukira siliva asakhudze ngale.

Munthu akayesa mkanda pakhosi, ngakhale mphindi imodzi, upukuteni ndi kansalu konyowa pang'ono musanaubwezere m'kathumba. M'kabokosi ka wogula muikemo kapepala kolemba pamanja: avale mkanda pomaliza atadzola kale ndipo perefyumu atauma, auvule poyamba akafika kunyumba, asasambe nawo, asaphike nawo pamoto, ndipo ngati amavala sabata iliyonse abwere nawo pakatha chaka mudzaumangenso. Mtengo womangiranso muulembe pomwepo.